Imfa ya Ana a Nkhumba m'Khola la Mayi Eliness

Komiti ya Kalabu ya Nkhumba ya Tisunge, Manjawira
Tsiku: Lachitatu, 12 Juni 2024
Malo: Pakhonde la tchalitchi

Opezeka: Bambo Paison Maliro (Wapampando), Mayi Rute Fanizo (Wachiwiri), Thokozile Dyton (Mlembi), Bambo Chrispine Mfundo, Mayi Eliness Raphael. Mlendo: Mayi Sheila, alangizi a ziweto.
Osapezeka: Bambo Raymond (anati akuopa kutengera matenda kukhola kwawo).

1. Lipoti la Mayi Eliness
Anati mwa ana khumi, asanu ndi awiri afa ndi kutsegula m'mimba, ndipo aneba akuopseza kutentha khola. Bambo Mfundo anati ndi chigodola basi, nkhumba zonse za kalabu zitha. Anasuntha mpando wawo kutali ndi Mayi Eliness. Wapampando anawapempha kubwerera, sanabwerere.

2. Mawu a alangizi
Alangizi anati make wa anawo ali bwinobwino, choncho sizikuoneka ngati chigodola. Anafunsa ngati ana anayamwa atangobadwa. Mayi Eliness anati ayi. Chaka chatha nkhumbayo inagonera ana, ndiye ulendo uno anawaika m'dengu masiku awiri, akuwapatsa mkaka wa ng'ombe.

Alangizi anafotokoza kuti kamwana ka nkhumba kamabadwa kopanda chitetezo. Kamachipeza mumkaka woyamba wachikasu wa make, ndipo likadutsa tsiku loyamba, matumbo ake salandiranso chitetezocho.

Mayi Eliness anafunsa: "Nanga atatu otsalawo, achira?" Alangizi anati awafunditse, awasunge pouma, koma sangalonjeze. Msonkhano unaima pang'ono, Mayi Eliness akulira.

3. Zina ndi zina
Wachiwiri anafunsa ngati alipo wina amene anatengera nzeru ya denguyi. Kenako Wapampando anati nkhumba yawo yaswa dzulo masana, ndipo ana onse ali m'dengu kukhitchini.

Anafunsa: "Mayi, nthawi ilipobe?"
Alangizi anayang'ana dzuwa nati: "Thamangani, bambo."

Wapampando anatenga njinga ya Bambo Mfundo osapempha. Alangizi anawatsatira. Wachiwiri anapitiriza msonkhano, ndipo mamembala anagwirizana kuti mwana wa nkhumba aliyense aziyamwa atangobadwa, mwini khola ataima pomwepo kuyang'anira.

4. Msonkhano wotsatira
Lachitatu likudzali, pamalo omwewa.

Msonkhano unatha 11 koloko m'mawa. Mayi Eliness anapempherera ana a nkhumba a Wapampando, ndi awo atatu aja.

Mlembi: Thokozile Dyton
Wachiwiri: Rute Fanizo
Wapampando: sanasaine. Polemba izi, sitinamve kalikonse kuchokera kwawo.