Odi wa Temwani

Lachiwiri, 9 Julayi 2024

Tafika ku Mzuzu cha m'ma 3 koloko masana. Kuzizira, kamvula kakuwaza. Makatani anyowa padenga pa basi, koma sutikesi ya sewero ndinaifungatira pamiyendo ulendo wonse.

Chinthu choyamba kuchiona potsika pa depoti: nkhope ya Temwani pamtengo wa magetsi. Akumwetulira, chipewa chitapendekeka. Pansi pake alemba, "MWANA WA KWANU AKUBWERA! Lamlungu lino, 2 koloko." Mwamuna wanga, amene tinamuika m'manda pa 12 Juni.

Mapositala aja tinasindikiza mu Meyi. Percy, amene amatsogola kukatikonzera malo, anasiya mtolo kwa mnzake wa kuno n'kumuuza kuti adzamate kukatsala sabata. Ndi mmene timachitira tauni iliyonse. Pa maliro palibe anakumbukira zomuletsa. Munthuyo wagwira ntchito yake mokhulupirika, mpaka ku Chiputula, mpaka ku Mchengautuwa, mumsewu wa apongozi anga.

Percy wangoti, "Sisi Judith, ndimenyeni." Ndamupempha mpeni, tayamba kumatula.

Lachitatu, 10 Julayi

A Amos, akulu ake a T., abwera kuno ku resiti hausi. Mpando akana.

"Monire, mulamu. Amama dzulo achokera kumsika, akumana ndi mwana wawo pamtengo akuti akubwera Sande. Mukufuna tiike maliro achiwiri?"

Ndagwada, ndapepesa. Pamenepo talakwadi.

Kenako zenizeni. Akuti sewero lisachitike. Akuti mwezi sunakwane, nkhata pamanda sizinaume, ine ndili pamsewu ndi a zisudzo. "Anthu akuyankhula chomene, mulamu."

Ine mtima wanga si wa mikangano. Kusukulu ndinali uja wobisala kuseri kwa buku anzanga akamakangana. Koma ndadzimva ndikunena kuti, "Alamu, kwa amayi ndipita ndekha kukapepesa. Sewero lokha lichitika."

Zaka zisanu ndi zinayi T. wasewera kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, kwawo kuno akudutsa pawindo la basi, chifukwa amayi ake ankati zisudzo ndi masanje a ana. Chaka chino anati basi, adzandione. M'chipatala ku Salima, mpweya ukuvuta, anati, "Judi, Mzuzu musaidumphe." A Amos kunalibe. Ine ndinalipo.

Lachinayi, 11 Julayi

Kuyeserera koyamba opanda iye. Holo ya sukulu, mawindo awiri osweka, mphepo ikungodzilowera.

Vuto lili pa chiyambi. Seweroli ndi la mtchona wobwera kuchokera ku Joni patatha zaka makumi awiri. T. sankayambira pa siteji. Ankaima pakhomo la kumbuyo, kuseri kwa anthu onse, sutikesi ili m'manja, n'kukuwa, "Odi!" Ndipo sankasuntha phazi mpaka wina mwa oonerera ayankhe. Wa gulu lathu saloledwa kuyankha. Linali lamulo lake: anthu akapanda kukulandira, ulibe sewero. Ku Dedza anaima mphindi zitatu.

Hudson, mkulu wa gulu, akuti tidule gawolo, wina angovala jekete n'kuyambira pa siteji. Ndati ayi. Seweroli ndinalemba ndine pa tebulo la kunyumba, ndingathe kulisintha. Wofika ndi sutikesi akhala mkazi wa mtchona, wadzatula katundu wa mwamuna wake. Ndisewera ndine.

Hudson waseka, kenako wachita manyazi. "Iwe, Judith? Zaka zonsezi uli kuseri kwa katani kunong'oneza anthu mawu. Mawu akowo ngakhale nkhuku singathawe."

Ndiye akuti chabwino, koma Percy akhale pakati pa anthu ngati woonerera, pakakhala zii ayankhe iyeyo. Ndati Percy akangotsegula pakamwa, nditembenuka n'kukakwera basi.

Ndalemba masamba asanu ndi limodzi dzuwa lisanalowe. Dzanja likuwawa. Koyamba chimwalirireni ndamva njala.

Lachisanu, 12 Julayi

Ku Mchengautuwa. Chitenje, duku, shuga ndi buledi m'jumbo.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Ndati odi. Zii. Ndati odi kachiwiri. Wailesi yatsitsidwa. Kachitatu, katani ya pawindo yagwedezeka, basi.

Ndakhala pakhonde ola lathunthu. Mayi wa nyumba yoyandikana watulutsa zovala zouma kale n'kumaziyanikanso kuti andione bwino. Ayang'ane. Nyumba imeneyi ndakolopamo, ndasendamo chinangwa mpaka zala kutupa. Sindine mlendo.

Ponyamuka ndasuzumira pawindo. Pakhoma, pamwamba pa kabati, pali positala imodzi. Mawu a pansi aja adula ndi sizasi, mowongoka bwino, yatsala nkhope yokha.

Jumbo ndasiya pakhomo. Misozi ndaisungira m'minibasi.

Loweruka, 13 Julayi

Odi ka makumi anayi m'holo yopanda anthu. Hudson akuti ndikumveka mpaka mzere wachitatu kuchokera kumbuyo. Dzulo unali woyamba.

M'thumba la jekete la T. ndapeza kabuku kanga ka ndakatulo kamene ndakhala ndikukafuna chaka chathunthu. Wakuba iwe. Wapinda makona a masamba, chinthu chimene ankadziwa kuti ndimadana nacho.

Percy wamva kumsika kuti a Amos auza abale ndi a kutchalitchi kuti aliyense akabwera, asayankhe.

Lamlungu, 14 Julayi

Holo inadzaza mpaka ena kuima m'mawindo osweka aja. Sindikudzinamiza, ambiri anadzaona namfedwa wopanda manyazi.

2 koloko itadutsa pang'ono ndinaima pakhomo la kumbuyo. Jekete la T. lofika m'mawondo, sutikesi m'manja. Misana yokhayokha patsogolo panga.

"Odi!"

Mitu inatembenuka. Palibe anayankha. Mwana analira penapake, amayi ake n'kumutseka pakamwa ndi bere.

"Odi!"

Wina anatsokomola. Kumbuyo kuno mtsikana wina ananong'ona, "Ndi yemweyo, mkazi wake." Ndinaona Percy pambali pa khoma akukoka mpweya. Ndinamuyang'ana mpaka anaweramitsa mutu. Hudson anatulutsa dzanja pakatani kundikodola kuti ndingoyenda. Koma ndinati ngakhale lilowe dzuwa, ndiima pompano. T. anaima mphindi zitatu kwa eni. Ine kwawo ndingalephere?

Kachitatu mawu anasweka pakati, anatuluka ngati a mwana.

Ndiye chakumanzere, pafupi ndi kutsogolo, mayi wa duku lakuda anaimirira pang'onopang'ono, atagwira mpando. Sindinawaone polowa.

"Odini."

Anatembenuka thupi lonse kuyang'ana kwa ine. "Odini, mwana wane. Lowa, kukuzizira."

Za sewerolo sindikukumbuka zambiri. Ndinaiwala mawu kawiri, ndipo kuseri kwa katani kunalibe wondinong'oneza, poti wonong'oneza ndine. Anthu anaseka pamene T. ankawaseketsa. Pena analira pamene sitinayembekeze.

Titamaliza apongozi anandipeza panja ndikupinda makatani. A Amos ali kumbuyo kwawo, maso ku nsapato.

"Mwana wane ankakuwa choncho?" anatero apongozi.

"Ayi, amama. Iye holo inkagwedezeka."

"Hm. Amenewo ndi mawu a kwa ine. Bambo ake ankangong'ung'udza." Anandikonza kolala ya jekete, n'kusiya dzanja pamenepo kanthawi. "Shuga uja sindingamalize ndekha. Amos, nyamula chikwama cha mulamu wako."

A Amos ananyamula sutikesi, n'kudabwa kupepuka kwake. Muli manyuzipepala okhaokha. Anainyamulabe ndi manja awiri mpaka ku Mchengautuwa.