Mchombo Usanagwe

Sea Point, Cape Town
Lachiwiri m'mawa

Okondedwa Amayi,

Ndikulonjerani m'dzina la Ambuye wathu. Kaya mwadzuka bwanji ku Thuchila kumeneko, nanga bondo lija likuti chiyani ndi chiperoni chimene ndamva kuti chayamba? Ine thupi lili bwino, koma ndisakubisireni, chilandirire chithunzi cha khanda la Ireen sindikupeza tulo. Chimwemwe chilipo, Mulungu atamandike kuti mng'ono wanga anachira bwino. Chondisowetsa tulo ndi dzina. Kalatayi ndaijambula pafoni kuti mlongo wanga Bryson akuwerengereni, ndipo iwe Bryson uwerenge zonse, usadumphe pena poti ukuthamangira kumpira.

Ireen anati dzina ndipereke ine, poti ndinamulera pamsana panga ndipo Mulungu sanandipatse wangawanga. Nditamva ndinalira. Ndikudziwanso kuti inu mumtima mwasunga dzina la malemu amayi anu, Esitere. Ndiye mumve kaye nkhani yonse musanandikwiyire.

Mukudziwa kuti ndimasamalira gogo wachizungu, koma sindinakuuzeni kuti ndi ndani. Dzina lawo ndi a Antonina, kwawo ndi ku Rasha, ndipo zaka anapitirira makumi asanu ndi anayi. Anawabweretsa kuno ndi mdzukulu wawo amene amagwira ntchito kudoko. Ndi ovuta, Amayi. Ndikawaphikira tiyi amati ndi madzi otsukira mbale, ine wokulira m'minda ya tiyi. Amanditchula kuti Sajeni chifukwa sindiwalola kudumphitsa mankhwala, ndipo amandiseka kuti munthu wopemphera chonchi ndimatseka maso tikamakwera chikepe cha m'nyumba muno.

Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, imene agogo a bambo anapita ndi asilikali a Keyala, gogoyu anali mtsikana wamsinkhu wa Ireen, ndipo ankayendetsa ndege yoponya mabomba. Poyamba ndinkayesa kuti ndi ukalamba ukuyankhula, mpaka mdzukulu uja anandionetsa mamendulo ndi zithunzi. Akuti gulu lawo linali la akazi okhaokha, oyendetsa, amakaniko, ngakhale onyamula mabomba. Ndege zake zinali za matabwa ndi chinsalu, zopanda denga, zoti moto ukangokhudza zimatha ngati udzu wouma. Ankauluka mumdima, akayandikira adani nkuchepetsa injini kuti asamveke. Nsapato anawapatsa za amuna, moti ankalongamo nsanza kuti zisavuke.

M'ndege ankakwera awiri. Kutsogolo iwo, kumbuyo mnzawo woona mapu ndi kulozera njira, dzina lake Larisa. Akuti anali wolongolola, woimba mosokosa, woopa mbewa koma mfuti ayi. Tsiku lina ndege yawo inawomberedwa nkugwira moto. Gogo anakwanitsa kuitsitsira m'munda ndipo anatuluka manja atapsa. Zipsera zake ndi zimene ndimazidzoza mafuta m'mawa uliwonse. Larisa sanatuluke.

Nkhondo itatha anawauza kuti zikomo, tsopano ndege zisiyireni amuna. Ena m'misewu ankawanyoza kuti atsikana opita kunkhondo ankakasaka amuna, moti mamendulo aja anawatsekera m'kabati zaka zambiri. Anaphunzira Chingerezi nkukhala aphunzitsi, nchifukwa chake timamvana. Chaka ndi chaka otsala ankakumana pakapinga wina mumzinda wawo waukulu, kudya, kuimba ndi kutchula mayina a anzawo amene anafa. Panopa akuti akaimba foni kulibenso woyankha. Ndege ikamadutsa pamwamba pa nyanja amatukulabe mutu, nkumadzudzula kuti woyendetsayo akutsika ngati wanyamula mazira a apongozi ake.

Tsono nditalandira chithunzi chija ndinawaonetsa. Anafunsa dzina. Ndinawafotokozera kuti kwathu khanda limakhala kaye m'chikuta ndi mayi wake, dzina limadikira mchombo ugwe, ndipo kuti wopereka dzina ulendo uno ndine. Anaigwira foniyo nkuyang'anitsitsa chithunzicho. Kenako anandiuza kuti iwo ndi Larisa anapangana kuti amene adzapulumuke, akadzabereka mwana wamkazi adzamutche dzina la mnzake, kuti lizimvekabe pakhomo wina akamaitanidwa kudzadya. Koma iwo anabereka mwana mmodzi, wamwamuna. Iyenso anabereka wamwamuna, amene ali ndi anyamata awiri. Anaseka kuti banja lawo lili ngati kampu ya asilikali, kenako kusekako kunatha.

Anati, "Sindikukupempha kanthu, Sajeni. Ndangofuna kuti munthu wina adziwe kuti ndinalephera."

Ine pakamwa panangotseguka pokha. Ndinati, "Gogo, ndiwafunse kaye amayi."

Sindinalonjeze, Amayi, Mulungu ndi mboni. Koma chiyankhulire mawu amenewo munthu uja wasintha. Phala limene ankalikankha akulimaliza. Anandituma ulusi wabuluu, ndipo akupeta timaluwa pakansalu koyera monga ankachitira kunkhondo podikira kuti kude. Manja akunjenjemera, ulusi pasingano ndimawalowetsera ndine, ndipo timaluwato tikutuluka tokhotakhota. Ndikanena kuti apume amandiuza kuti sajeni salamula woyendetsa ndege.

Mantha anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ndi anunso. Larisa anafa imfa ya moto, ali mtsikana, ndipo manda ake sadziwika. Mudzati tikumuitanira mwana tsoka, kapena kuti azidzangolira osatonthola poti mwini dzina sitikumudziwa. Ndife Akhristu, komabe ine zimenezi ndimaziopabe. Chinanso, anthuwa ankapha anthu. Ndinalimba mtima nkuwafunsa. Sanazembe. Anati adani aja anali atatentha midzi yawo, komabe akudziwa kuti amene anali pansiwo nawonso anali ndi amayi awo, ndipo ichinso nchifukwa chake mamendulo savala. Za kupemphera, amati iwo ankakumbukira Mulungu pokhapokha magetsi a adani akawaunika kumwamba. Koma akuti Larisa anali ndi kamtanda kamene mayi ake anamusokerera mkati mwa kolala, ndipo ankakagwira asananyamuke, anzake akumuseka.

Ndinakafunsa abusa athu kuno. Anati dzina silipulumutsa munthu komanso silimupha, koma za pakhomo ndisadumphe makolo.

Palinso china chimene ndiyenera kuulula. Mdzukulu uja anandikokera pambali nkunena kuti ndingowauza gogo kuti zatheka. Anati Malawi ndi kutali, gogo sadzapitako, ndani angadziwe. Amayi, ndinatsala pang'ono kuvomera, poti inu sindikanakuvutitsani ndipo iwo akanagona mumtendere. Ndagwada, ndapempha chikhululukiro pa ganizo limenelo. Munthu wosunga pangano kuyambira utsikana mpaka imvi zonsezi sindingamupatse bodza kuti apite nalo kumanda.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale pansi ndi Ireen, alamu anga a Hopewell ndi amalume a Robson, muone ngati mwanayu angatchedwe Larisa. Sindikunena longolemba pakadi ya kusikelo ayi, koma loitanira, loti lizimveka akamatumidwa kumjigo. La Esitere likhoza kukhala la ubatizo, ndipo agogo Esitere ndikuwadziwa, sanali oumira mlendo malo. Ngati mukuona kuti ndasokera, mundiuze mosabisa. Sindidzanyinyirika, ndipo mwanayo adzakhala Esitere ndi mtima wanga wonse.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, azakhali a ku Limbuli, alamu anga, ndi amayi onse a Mvano. Ireen mumuuze kuti asathamangire kumunda, nandolo sathawa. Khandalo mulipsompsone pamphumi m'malo mwanga.

Ireen wandiuza kuti mchombo wayamba kuuma, ndiye chonde Bryson andiimbire lisanafike Lamulungu. Mukakana, gogo ndidzawauza zoona, ndipo kansalu kaja ndidzatumizabe pabasi. Koma musachedwe, Amayi. Masiku ano ndikalowa m'chipinda mwawo m'mawa sakudandaulanso za tiyi. Amangondiyang'ana nkufunsa ngati mchombo wagwa.

Ambuye akusungeni pansi pa mapiko ake.

Ndine mwana wanu,
Sophie