Nsungwi Zouluka za Stafford

Ku esiteti ya tiyi, Thyolo, 19 Ogasiti 1934

6 Meyi: nsungwi ya wonga, mapazi 12.
3 Juni: ya palafini, mapazi 0, inangoyaka.
8 Julayi: ya wonga wambiri, mapazi 63.
12 Ogasiti: chitini cha nthunzi, mapazi 41.

Achimwene Amosi,

Muli bwanji ku Nsabweko? Bondo lija likukulolani kukwera phiri? Ine ndili bwino, kungotsokomola katatu m'mawa.

Zili pamwambazi ndi za mwana wanga Stafford, amene amasonkhezera boyila ya fakitale. Anatola nyuzipepala yotaya bwana, nawerengamo kuti ku Jeremani akukankha ngolo ndi moto wotulukira kumbuyo, ati roketi, ndipo ina idzafika kumwezi. Chiwerengereni, tikaweruka ku tchalitchi amaulutsa nsungwi, ine ndikuyeza ndi mapazi. Akuti wonga umapsa wonse kamodzi, choncho zam'tsogolo zidzayendera mafuta kapena nthunzi.

Ya Julayi ija inatera pa denga laudzu la shedi yofotetsera masamba. Denga linayaka, tinazimitsa ndi ndowa zisanu ndi zinayi. Bwana wanena kuti zikachitikanso, ntchito yatha ndipo nyumba tituluke. M'nyumbamu tilimo asanu ndi mmodzi.

Achimwene, ndikudziwa kochokera wongawo. Pansi pa nthochi mumatitumizira zija ndapezapo timapukusi tinayi. Wa mfuti yanu umenewo, musakane. Lekani kutumiza.

Koma musamuletse mwanayu. Inu ndinu amalume ake, mukati asiye asiyadi, ndipo adzafota ngati masamba a m'shedimo. Pempho langa ndi thanthwe lija la kuseri kwa munda wanu, popanda udzu, popanda tiyi wa mwini. Mumuitanire kumeneko pa Khirisimasi akayese chitini chake chachikulu. Nanenso ndibwera, poti ena akayeza amawonjezera. Ndaphunzitsa ana zaka 22, koma chitini chouluka ndi madzi owira ndinali ndisanachionepo. Ndinaluluta ngati pa ukwati, mpaka ndinasokoneza kuwerenga n'kuyambiranso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali ndi kwa ana onse.

Zoulutsa: 4.
Mapazi onse: 116.
Madenga opsa: theka.
Zala za Stafford: 10, ndawerenga lero.
Maso: 2.
Nsidze: 1.
Mwayi wotsala kwa bwana: 0.

Ndine mlongo wanu,
Lizzie