Bedi la Amalume a Zakeyu

Reiger Park, Boksburg
20 Okutobala 2024

Okondedwa Achemwali a Bessie,

Ndikulengeza mwaulemu waukulu kwa inu, kwa alamu, kwa ana ndi kwa nkhuku zonse za pakhomopo, kuti lero Lamulungu, ine Edgar, mwini digiri ya uinjiniya imene munagulitsira mbuzi zija, ndagula bolopeni. Yabuluu. Patha zaka zisanu ndi zinayi chigwirire chipangizo chimenechi, ndiye mukaona zilembo zikuyenda ngati munthu wochokera kumowa, dziwani kuti dzanjali linazolowera kuwotcherera mageti.

Mufunsa kuti foni yatani. Foni ili bwino. Vuto la foni ndi loti inu mumayankha, ndipo mukangoti "Iii, achimwene, pepani," ine ndimasiya zimene ndimafuna kunena n'kuyamba za mtengo wa feteleza. Kalatayi ndapatsira a Sydney a basi, pamodzi ndi sutikesi ya amalume ndi bulangete la amayi. Muwerengere panokha.

Tsiku la maliro a amalume a Zakeyu ndinakuuzani kuti anapita mwamtendere ndiponso kuti tinayesetsa zonse. Theka loyambalo ndi loona.

Mukukumbuka kuti mu Epulo anagonekedwa m'chipatala. Fumbi lomwe anameza zaka zonse zija m'migodi ya ku Nigel linali litawaumitsa mapapo, ndipo adokotala anauza akazi awo, Anti Mavis, kuti adzawatulutsa akapumire kunyumba. Nyumbayo mumaiona pazithunzi: kachipinda kamodzi ka malata ku Ramaphosa, khomo lake loti munthu wokhuta alowe cham'mbali. Bedi analibe. Lawo linapsa pa chipwirikiti chothamangitsa alendo cha mu 2008, ndipo amalume anakana kugula lina, amati chinthu chosathawika nacho si katundu. Awiriwo ankagona pa matiresi oyala pansi. Koma tsopano akagona chagada mpweya unkawathawa. Pankafunika bedi lodzutsa kumutu.

Nditapita kukawazonda anandikoka malaya.

"Mphwanga, zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikugona pambali pa mkazi uyu. Amaliza mkonono ngati jenereta, koma ndinazolowera. Kuno andiika pa kabedi ngati bokosi loiwala chivundikiro. Iwe si injiniya kodi? Kapena mbuzi za a Bessie zinafera chabe?"

Mawu amenewo anandilowa. Kumene ndimagwira ntchito ku Nigel, kopanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo, ndinayamba kutola zidutswa zotsala. Ndinapeza majeki awiri a galimoto. Ukapukusa handulo yoyamba, kumutu kumadzuka. Ukapukusa yachiwiri, bedi lonse limatambasuka m'mbali. Likapanikizika limadutsa pakhomo la ku Ramaphosa osakhudza mphuthu, likatambasuka limakwana anthu awiri, wodwala ndi womudwazika. Achemwali, sindidzitama kawirikawiri, kungoti kawiri pa tsiku, koma chinthucho chinali chokongola.

Mwambo wathu mukuudziwa: chatsopano sichiyamba ntchito chisanapemphereredwe. Kumpingo kwathu kuno tapemphererapo magalimoto, mafiriji, ngakhale wilibala. Choncho mu Meyi, amalume akadali m'chipatala, ndinakweza bedi pa lole mpaka m'kalasi momwe timapempheramo. Abusa anasanjika manja, kenaka chidwi chinawagwira, anayamba kupukusa handulo okha. Akulu a mpingo awiri, onse a mimba zaulemu, anagonapo n'kukwana. Amayi a mpingo analuluta mpaka mwini sukulu anabwera kudzafunsa ngati kuli ukwati.

Potuluka anandikokera pambali a Bonaventure, mlembi wa mpingo. Iwowa ndi mlonda pa maofesi ena ku Kempton Park, ndipo chifukwa chotsegulira mabwana geti amadziwa pang'ono za chilichonse.

"Achimwene, inu munaphunzira koma ndinu ogona. Ichi a Joni akangochiona, mawa chili m'sitolo ndi dzina lawo, inu muli pa geti ngati ine. Kaduleni patenti."

"Patenti ya bedi la amalume?"

"Amalume ndi amodzi. Odwala ndi dziko lonse."

Patenti, achemwali, ndi chikalata cha boma chonena kuti luso ili ndi la uje, wina asalikopere kwa zaka makumi awiri popanda chilolezo chake. Kusukulu tinaphunzira zimenezi tsiku lina masana, ine ndikusinza. Koma a Bonaventure atangotchula, ndinadziona ndili ndi fakitale. Ndinaona chikwangwani cha dzina la bambo athu. Ndinadziona ndikutsika ndege ku Chileka, osati basi ya a Sydney pakati pa mafiriji a anthu.

Anandipezera loya, mayi wina wodekha wa pa maofesi awo omwewo. Ndinavala jekete. Mayiyo anayang'ana zojambula zanga nthawi yaitali, kenaka anandifotokozera kuti chinthu chimalandira patenti ngati chili chatsopano, ndiponso ngati sichili choti injiniya wina aliyense akanachiganiza akudya chingwa. Anati afufuza kaye ngati kulibe amene anapanga kale chotere kwina kulikonse.

"Koma chachikulu ndi ichi, Bambo Edgar. Chisaonekere pagulu tisanapereke mapepala kuboma. Chikaonekera, lamulo limati si chatsopanonso. Alipo amene analiona kale bedili?"

"Palibe," ndinatero.

Sindinaname, achemwali, kapena ndinene kuti sindinadziwe kuti ndikunama. M'mutu mwanga gulu ndi msika, ndi nyuzipepala, ndi azungu a makamera. Kutchalitchi tinkaonetsa Mulungu, anthuwo anangopezekapo. Za amalume sindinatchule n'komwe. Munthu wovala jekete, atakhala pa mpando wofewa, akumupatsa tiyi m'kapu ya sosala, sayamba kukamba za kachipinda ka malata.

Ndinabwerera n'kukalowetsa bedi m'chipinda changa, kulifunditsa nsalu, kugula loko wamkulu. Malo anatha, moti mwini luso ankagona pansi pambali pa luso lake. Anzanga akagogoda ndinkatulukira panja n'kutseka msanga. Pasanathe sabata mbiri inamveka kuti Edgar wakhwimira chuma, akuweta chinthu m'nyumba. Sanalakwitse kwenikweni.

Amalume anatuluka m'chipatala pa 26 Juni, chisanu chili pachimake. Tsiku lotsatira Anti Mavis anafika pakhomo panga.

"Bambo, tabwerera bedi lija. Ndapeza kale anyamata a ngolo."

"Penti sanaume, Anti."

"Chiumire cha mu Meyi?"

"Ndinapakanso wina. Wapadera, wa m'chipatala."

Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Chabwino, inu ndi amene munaphunzira."

Mwina mukuti, bwanji osangolipereka mwakachetechete? Funso limenelo ndinadzifunsa. Koma inu mukudziwa kuti kwathu wodwala sabisika. Amayi a mpingo amabwera Lachinayi, abambo Loweruka, a kwaya Lamulungu, a kumudzi kwathu tsiku lililonse, aliyense ndi foni m'manja. Kuika bedi m'nyumba ya amalume kunali ngati kuliika pa siteji ya mataxi. Ndinadziuza kuti ndi masabata awiri okha. Loya akamaliza kufufuza, tipereka mapepala, bedi lipita.

Mpingo unawabwereka kabedi kopinda ka alonda, kopapatiza ngati benchi. Kumutu anaunjikako mapilo ndi thumba la zovala. Anti ankagona pa matiresi aja pansi, m'munsi mwawo. Sabata yachiwiri anandifunsanso, ndinati handulo ikulimba. Sabata yachitatu sanafunse. Anangonditumizira mbatata yophika, ati ndikuoneka wowonda.

Loweruka lina masana ndinawapeza amalume ali okha, akupuma ngati munthu wokwera phiri.

"Injiniya wafika. Penti wako ameneyu amachokera ku Mangalande pa njinga?"

Ndinawauza zoona. Ndinafotokoza za loya, za chinsinsi, za fakitale. Ndinati ndidzawachotsa ku Ramaphosa, ndidzawamangira nyumba ya njerwa ya khomo lolowa ng'ombe. Ndinalankhula bwino kwambiri, mukanandimva mukanaomba m'manja.

"Chikalatacho chimagwira ntchito nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka makumi awiri, amalume."

"Boma la kuno ndi lopatsa. Ine dokotala anandipatsa mpaka mvula yoyamba." Anatsokomola nthawi yaitali, ine nditagwira kabeseni. Atapeza mpweya anati, "Aziko ndaba, mphwanga," m'chilankhulo chawo cha kumgodi chija, kutanthauza kuti palibe kanthu. "Koma azakhali akowa usawauze za fakitale. Iwo akukhulupirira za penti."

Akanandikalipira, bwenzi tsiku lomwelo nditapita kukathyola loko. Koma anandikhululukira, ndipo ine, munthu wa digiri, ndinatenga chikhululukocho ngati chilolezo.

Mvula yoyamba sanaidikire. Anamwalira pa 14 Ogasiti, Lachitatu masana, ine ndili ku Nigel kuwotcherera geti la munthu woweta agalu. Anti akuti anali atakhala pansi, atagwira dzanja la amalume lomwe linkalendewera m'mbali mwa kabedi kaja. Anadziwa kuti zatha pamene dzanjalo linalemera.

Loya anandiitana mu Seputembala. Ndinavalanso jekete lomwelo, lomwe linali litapita kale kumanda. Anati mabedi otambasuka m'mbali alipo kale kumayiko akunja, opangira odwala onenepa kwambiri, choncho ganizo lokhalo silingakhale langa. Koma njira yanga yotambasulira ndi handulo imodzi sanaipeze kwina kulikonse. Mwina, anatero, pamenepo pakanakhala poyambira.

Ndinamva liwu loti "pakanakhala".

Anatembenuza kompyuta. Achemwali, ndinaona abusa athu, thukuta lili kamukamu, akupukusa handulo. Ndinamva nthungululu. Wojambulayo anali munthu wakhama, anagwada pansi n'kuonetsa majeki onse awiri, mmene alumikizirana, mmene akuyendera, ine ndili pambali kufotokoza mokweza ngati mphunzitsi. Kanemayo anali pa tsamba la mpingo la pa intaneti kuyambira mu Meyi. Pamwamba panalembedwa kuti, "Taonani zimene Yehova wachita kudzera mwa Mbale Edgar."

"Uyu ndinu?" anafunsa mayiyo.

"Amafanana nane."

Sanaseke. Anati bedi linasiya kukhala latsopano pamaso pa lamulo tsiku lomwe linapemphereredwa. Pamenepo ndi pamene ndinamuuza za amalume, sindikudziwa chifukwa chake. Anavula magalasi.

"Bambo Edgar, bwanji simunanene kuti pali wodwala? Pali mapepala oyambirira amene tikanapereka sabata yomweyo, kufufuza n'kubwera pambuyo. Bedi likanapita kwa mwini wake."

Ndiye onani, achemwali. Ndinkalondera khola lomwe mbuzi zinatuluka kalekale, ndipo ngakhale zikanakhalamo, panalibe chifukwa chogonera pakhomo. Kulakwa kawiri pa nkhani imodzi kumafuna maphunziro apamwamba.

A Bonaventure, omwe anaika kanemayo pa tsambalo, nditawafunsa anadabwa. "Koma achimwene, umenewo ndi umboni! Anthu zikwi zinayi analemba Ameni!" Nditawafotokozera anakhala pansi pa msewu, yunifolomu ili m'thupi, n'kuyamba kulira. Ndinalephera kuwakwiyira. Iwo anaonetsa bedi kwa anthu zikwi zinayi osalidziwa. Ine ndinalibisira munthu mmodzi amene ndinamupangira.

Dzulo m'mawa Anti Mavis anabweretsa sutikesi ya amalume kuti ndipereke kwa a Sydney. Chitseko chinali chotsegula, poti tsopano ndibisiranji. Anaona chinthu chofunditsidwa nsalu chija.

"Ndi limeneli?"

"Ndi limeneli, Anti."

"Tsiku la mapemphero lija ine ndinali kuchipatala. Tandionetsani."

Ndinachotsa nsalu. Ndinapukusa handulo yoyamba, kumutu kunadzuka. Ndinatulutsa mpando ndi ndowa panja kuti malo apezeke, n'kupukusa yachiwiri. Linatambasuka bwinobwino, osalira n'komwe. Anti anavula nsapato, anakwera, anagona mbali ya kukhoma. Anatambasula mkono pa mbali inayo, n'kuusiya pamenepo kanthawi.

"Tikanakwana," anatero.

Ndinawauza kuti alitenge, ndilipereka lero lomwe. Anadzuka, anavala nsapato, anakonza chitenje.

"Ndikagonepo ndi yani, bambo?"

Anandifunsa ngati ndadya, kenaka anapita kukakwera taxi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato zomwe zili m'sutikesimo amalume anati zikhale zawo. Ana muwauze alimbikire sukulu, ngakhale sindikudziwa ngati ndine woyenera kupereka uthenga umenewu. Amayi muwafunditse bulangetelo. Akafunsa za masiku omaliza a mlongo wawo, muwauze kuti sanadandaule, poti zimenezo n'zoona. Zinazi ndidzawauza ndekha ndikadzabwera, mukadzakhala pafupi.

Anti Mavis muziwaimbira foni. Akuti sakupeza tulo. Anthu awiri aja anatsala ndi masabata asanu ndi awiri oti agone pamodzi, achemwali, ndipo ndinawalanda ndine.

Ine mlongo wanu,
Edgar