Mayi wa Pachithunzi Sanayezetse

Lolemba, 3 Marichi

Zithunzi za ku unduna zafika. Boma likuti mayi aliyense aziyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Pachithunzipo pali ndani? Ine, mlangizi wa zaumoyo, mano onse pamtunda, m'munsi alembamo kuti, "Ine ndinayezetsa, nanga inu?" Wojambula uja anangoti sekani, ine n'kuseka. Mawuwo anaikamo okha. Zaka 41, sindinayezetsepo olo kamodzi. Ndamata zithunzi khumi ndi ziwiri ndi manja angawa.

Lachiwiri, 4 Marichi

Kumsika ndi chimkuzamawu. Pakamwa pokha Mulungu sanandimane. Amayi ogulitsa sopo andifunsa, "Kodi zimawawa?" Ine osaphethira n'komwe: "Aa, ngati kulumidwa ndi udzudzu." Udzudzu wake uti, wabodza iwe?

Lachinayi, 6 Marichi

Magazi abweranso pomwe si nthawi yanga ya kumwezi. Mwezi wachitatu uno. Pa pepala lomwe ndimawerengera anthu, chizindikiro chimenechi chili pamzere woyamba. Ndalipinda, ndalibwezera m'chikwama. Ndisaname, ndili ndi mantha.

Vuto n'lakuti oyeza pachipatala pathu ndi alamu anga, achemwali awo a bambo akunyumba. Ine ndikagone pabedi paja, miyendo m'mwamba, alamu atayatsa tochi? Komanso adziwe kuti wapachithunzi uja ndi pakamwa chabe?

Lachisanu, 7 Marichi

Ndafika mpaka pakhomo pa chipinda choyezera cha alamu. Ndabwereka cholembera, ndabwerera.

Lolemba, 10 Marichi

Amayi a sopo aja abwera kuchipatala ndi anzawo anayi. Andigwira mkono: "Ifetu mantha, tiperekezeni inu ozolowera." Kothawira kunalibe. Ndati dikirani pabenchipo ndikakonze malo. Ndalowa, ndatseka chitseko, ndaulula zonse, misozi ndi mamina omwe.

Alamu sanaseke. Angovala magolovesi. "Mayina a oyezetsa ndimalemba ndine, mlamu. Chaka chachitatu chino ndikukudikirani. Kwerani."

Chitsulo choyezera chija chimazizira, ndiye ine kukuwa ngati mwana pa jakisoni. Apeza kachigamba koyera. Akuti kakuoneka koyamba kumene, koma chifukwa cha magazi aja adulako kanyama kuti kakapimidwe. Zotsatira, milungu itatu. Mtima uli m'malere.

Potuluka, amayi asanu aja aimirira, maso onse pa ine. Kukuwa kuja anakumva. Ndangokhala pabenchipo. Amayi a sopo andiyang'ana, andisiyira chikwama chawo pamiyendo, alowa.