Kaseti ya Bambo Ndinaisunga Pabolodi

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Pakhoma la ofesi yathu, pamwamba pa makina okopera mapepala, pali chikwangwani cha kampani imene imatisungira mafayilo pa intaneti. Chimanena motsimikiza kuti chilichonse choikidwa mosungira mwawomo, mmene iwo amati mumtambo, chimasungidwa malo atatu osiyana, ndipo sichingatayike. Sabata ino ndachiwerenga mpaka kuchiloweza.

Kuno tili bwino. Mwendo wa amayi uja waphwa, ayambanso kukangana ndi aneba za chingwe choyanikira zovala, ndiye dziwani kuti achira.

Mukukumbukira kaseti imene malemu bambo anajambula asanagonekedwe m'chipatala, muja akuimba kenako n'kumatitchula mayina mmodzimmodzi? Chaka chatha ndinakopera mawuwo pakompyuta n'kuwaika mumtambo wa kuntchito. Patapita masiku wailesi inatafuna tepi, ine n'kuuza amayi kuti asadandaule, zamakedzana zatha, ndipo kasetiyo ndinaitaya ndi dzanja langali. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndimawatsegulira pafoni, kudzera pa intaneti, iwo n'kumamvetsera atapinda manja.

Mtambowo si chinthu chimodzi ayi. Katswiri wathu wa makompyuta, amene timamutcha Mawaya, anatiphunzitsa kuti tili ndi mosungira mwa mitundu itatu. Choyamba chili ngati nkhokwe: fayilo iliyonse ili ndi chizindikiro chake, umaitenga nthawi imene wafuna. Chachiwiri amachitcha chozizira, cha zakalekale. Ukapempha kanthu umadikira masiku awiri. Chachitatu ndi disiki yomamatira ku kompyuta yobwereka yoyeserera ntchito, yothamanga kwambiri, koma ili ngati bolodi ya m'kalasi: makinawo akangozimitsidwa, zonse fufutu. Tsiku lophunziralo ine ndinkagwedeza mutu kwambiri kuposa aliyense.

Zolowa m'nkhokwe abwana amaziona pamndandanda, ndipo amadana ndi zinthu zakunyumba pa zipangizo za ofesi. Ndiye ine, mwa kuchenjera kwanga, bambo ndinawabisa pabolodi paja, poti sipayang'ana munthu. M'foni mwanga simunali malo.

Lachisanu Mawaya anaima pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Akulu, makina oyeserera aja ndawazimitsa, amangodya ndalama. Simunasiyepo kanthu, eti?"

Ndinati ayi. Pakamwa panayankha mutu usanafike.

Dzulo ndinamutsatira kukachipinda kake kodzaza ndi zingwe n'kuulula. Sanaseke, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Anati chikwangwanicho sichinama, koma chimanena za nkhokwe, osati za bolodi. Zinalembedwa m'munsi m'timalemba tating'ono. Anatinso mwina anakoperapo za pa disikiyo n'kuziika kozizira kuja, koma sakumbukira ngati unali mwezi umene ine ndinali nditaikapo kale zanga. Lero wapempha kuti zitulutsidwe. Tikudikira mpaka Lachinayi.

Lamulungu lapitali ndinauza amayi kuti intaneti yavuta. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Palibe kanthu, bambo ako sanali munthu wothamanga. Tidzawamva sabata yamawa."

Tsono pempho langa ndi ili, Achemwali. Mawuwa ndinakutumizirani pafoni nthawi ija. Ndikudziwa kuti munagula ina, koma ngati yakaleyo ikadali m'dilowa, chonde musaipereke kwa ana, musaifufute, musaigulitse. Ingoitchajani muone. Amayi musawauze kanthu. Ngati n'kuwauza, ndiwauza ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka wamng'onoyo amene sanawaonepo agogo ake aamuna. Ndinamulonjeza kuti akadzabwera adzawamva akuimba. Amayi akupereka moni, akuti mubwere msanga tidzamvetsere limodzi.

Ine mchimwene wanu.

Lachinayi: kalatayi ndinaisunga kudikira yankho. Mawaya watsegula zochokera kozizira zija. Muli makalata a ofesi okhaokha. Mawu a bambo mulibe.