Belu Limene Ndinapemphera Bambo

Nchilamwela, Thyolo
16 Ogasiti 1927

Okondedwa achemwali a Lestina,

Uthenga unandipeza Lachiwiri lapitali ndili m'kalasi ku mishoni. Ndinaona a Goodson, mkulu wa mpingo wa bambo, ataima pakhomo, matope mpaka m'maondo, chipewa chili m'manja. Nditatuluka anati, "Aphunzitsi, tengani jekete tizipita. Abusa atisiya dzulo." Ine ndinawafunsa ngati anadya kanthu panjira. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinafunsira zimenezo.

Bambo tinawaika Lachinayi. Amayi akuti ndikuuzeni kuti anapita ndi chibayo, ndipo n'zoona. Koma inu muli kutali ku Halale, palibe wina amene adzakufotokozereni zonse.

Mukukumbukira kuti kuyambira chipwirikiti cha 1915 mzungu wa esiteti analetsa tchalitchi pamalo ake. Ife obwera kuchokera ku Manguru, okhala pa thangata, tikanatsutsa bwanji? Bambo anamanga chisakasa kuseri kwa nthochi, chooneka ngati khola la mbuzi, ndipo Lamulungu amayi ankayanika nsalu yoyera pamtengo wa mapeyala kuti anthu adziwe kuti nthawi yakwana. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha chotero. A Fabiano, kapitao wa esiteti, ankadziwa, koma akazi awo ankapemphera nafe, tsono iwo ankangoyang'ana kumbali.

Mwezi wa Juni kunabwera alendo a kutsidya kwa nyanja, Bwana Anderson ndi akazi awo, Dona Hazel. Mpingo wa kwawo unawatuma kudzalimbikitsa abusa a m'midzi, ndipo mishoni inasankha ine kuti ndiziwamasulira. Sanali anthu oipa, achemwali. Tisananyamuke, Dona anandifunsa chimene matchalitchi a kumudzi amasowa kwambiri. Ine ndawerenga mabuku onse a m'kabati ya ku mishoni, ndipo m'menemo tchalitchi chilichonse chili ndi belu. Ndinkafuna kuti bambo, amene alalikira moyo wawo wonse motsitsa mawu, akhale nacho chimene abusa a m'mabuku ali nacho. Ndinayankha kuti belu.

Tinafika kuno Loweruka, amtengatenga awiri atanyamula bokosi. Bambo anaphera alendo mbuzi yawo imodzi ija. Bokosi litatsegulidwa, anayang'ana belulo nthawi yaitali, kenako anandifunsa m'Chilomwe, "Elson, wawauza ndiwe?"

Ndinavomera.

"Mwana wanga, wakhalitsa kusukulu," iwo anatero. "Chabwino. Anthuwa alisenza ulendo wautali, sindingawabwezere."

Bwana Anderson anafunsa kuti abusa akuti chiyani. Ndinamasulira kuti akondwa kwambiri. Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa tulo. Ndikanangonena zoona, bokosi likanatsekedwa pomwepo. Koma ndinachita manyazi kuti alendo adziwe kuti tchalitchi cha bambo anga n'chobisala, ndiponso kuti ine ndinawalangiza zopusa.

Lamulungu m'mawa Bwana Anderson anakwera okha mumtengo wa mapeyala, namangirira belu, napereka chingwe kwa bambo. A Goodson ananong'ona, "Abusa, pano belu ndi la mzungu lokha, loitanira anthu ku tiyi."

"Ndikudziwa, a Goodson. Tsono ndiwauze alendo kuti timapemphera ngati akuba?"

Bambo analiza belu katatu. Kulira kwake kunatsika minda yonse ya tiyi mpaka kufakitale. Anthu ena a m'malayini a antchito anatuluka akuthamanga ndi madengu, poganiza kuti ntchito yaitana tsiku la Mulungu. Dona anagwetsa misozi ya chimwemwe, natijambula chithunzi.

Lolemba ndinapitirira ndi alendo ku Khwethemule. Lachitatu a Fabiano anabwera ndi anthu anayi, natentha chisakasa, natenga belu. Amayi akuti a Fabiano anapempha kaye bambo kuti atulutse Baibulo, nati, "Abusa, maso anga ndatseka zaka khumi ndi ziwiri. Makutu a mzungu ndikanatseka ndi chiyani?" Ananenanso kuti banja lathu lichoke pamalo a esiteti Seputembala asanathe.

Bambo anapita kunyumba kwa mzungu kukapepesa, osati chifukwa cha tchalitchi, koma chifukwa cha munda wa amayi. Mukudziwa lamulo la kumeneko: munthu sakwera pakhonde, amaima pabwalo, chipewa m'manja, kufikira aitanidwe. Inali sabata ya chiperoni. Anaima tsiku lonse m'mvula yowazayo, m'mawa mwake anapitanso. Sanaitanidwe. Chifuwa chinayamba pamenepo.

Za motowo ndinamva nditabwerera ku mishoni, koma sindinabwere kuno. Ndinkaopa maso a bambo. M'malo mwake ndinalembera Bwana Anderson, amene anali ku Blantyre kudikira sitima, kuti akalankhule ndi mzungu mnzawo. Anayankha mwaulemu kuti iwo ndi alendo m'dziko muno, sangalowerere nkhani za esiteti, koma adzatikumbukira m'mapemphero. M'kalatamo anaikamo chithunzi chija, ndipo anati akachionetsa kumpingo kwawo, anthu aone chimene mphatso yawo yachita. Bambo akuoneka bwino, atagwira chingwe. Ine ndili pambali pawo, ndikumwetulira.

Pamene matenda anakula, amayi anafuna kundiitanitsa, koma bambo analetsa, ati Elson ali ndi ana oti aphunzitse. Sindidzadziwa ngati ananena chifukwa chondimvera chisoni kapena chifukwa sanafune kundiona. Amayi sakudziwa kuti belu ndinapempha ndine, bambo sanawauze. Usiku wa maliro ankatemberera azungu, kwinaku akundiphimba ndi bulangete lawo. Ndakhala ndikufuna kuwauza m'mawa uliwonse, koma mawu sakutuluka. Mukabwera ndidzawauza inu muli pomwepo.

Pempho langa ndi ili. Nyumba ya aphunzitsi ndi chipinda chimodzi chimene timagonamo amuna atatu, amayi sangakhalemo. Lankhulani ndi alamu ngati angalole kuti akakhale nanu kumeneko. Amayi akukana kuchoka, akuti sangasiye bambo okha, koma mwina inu angakumvereni. Yankhani msanga, masiku akutha.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana. Mumuuze Teleza kuti agogo ake anasunga kalata yake yoyamba ija m'Baibulo mwawo, pa Masalimo. Amayi akupereka moni, a Goodson nawonso. Ngati simundiyankha ine, ndidzamvetsa, koma muwayankhe amayi.

Mumpingo mwatsala anthu asanu ndi anayi, ndipo amakumana m'nyumba mwa a Goodson, osaimba nyimbo. Amayi atsala ndi masabata asanu ndi limodzi. Manda a bambo ali pamalo a esiteti, ndipo tikachoka tizidzapempha kaye chilolezo kwa kapitao kuti tikalimire.

Ndine mlongo wanu,
Elson Malizani